Biochemistry kaye, MCAT pambuyo: yankho kwa mtsikana wa ku Dzivaresekwa

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wobadwira ku Dzivaresekwa, mdzukulu wa anthu a ku Dedza amene anabwera kuno kudzafuna ntchito nthawi ya Federation. Mwanayu akuphunzira pa koleji ina ku America, wamaliza chaka chachiwiri, ndipo pakali pano ali kuno ku Harare patchuthi mpaka pakati pa Ogasiti. Wandilola kuti ndimuyankhe pagulu, bola ndisatchule dzina lake. Kalata yake ndaifupikitsa, koma mtima wake ndi uwu:

"Anti, ndikufuna udokotala, ndiye chaka chamawa ndiyenera kulemba MCAT, mayeso olowera kusukulu ya udokotala. Kalasi ya biochemistry kusukulu kwathu imapezeka semesita zonse ziwiri. Ndikaitenga Ogasiti akubwerayu ikumana ndi physics komanso ntchito ya mu labu, ndipo ndikuopa kuti magiredi anga atsika. Ndikaitenga Januwale ndidzakhala ndikuiphunzira kwinaku ndikukonzekera MCAT ya mu Meyi. Mnzanga wina akuti ndiye zabwino, chifukwa zinthu zimakhala zikadali zotentha m'mutu. Winanso akuti kalasiyo ndi yotayitsa nthawi, buku la review n'lokwanira. Nditani? Amayi ndikawafunsa amangoti pemphera."

Amayi akowo usawaseke, mwana wanga. Koma poti wafunsa ine, yankho langa ndi lalifupi: itenge Ogasiti akubwerayu, uimalize mu Disembala, ndipo MCAT udzalembe mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi. Zotsalazi ndi zifukwa chabe.

Ndiyambe ndi makolo amene akuwerenga, chifukwa nkhaniyi imasokoneza ambiri. Kuno kwathu mwana akakhoza bwino A-Level, akatenga mapointi 15 ake, amalowa udokotala mwachindunji ku University of Zimbabwe, n'kumakaphunzira pa odwala ku Parirenyatwa. Ku America sizili choncho. Mwana amayamba wamaliza digiri ya zaka zinayi, kenako n'kupempha malo kusukulu ya udokotala, kumene kulinso zaka zina zinayi. Pakhomo la sukuluyo pali mayeso otchedwa MCAT, omwe amayendetsedwa ndi bungwe la AAMC. Ndiye mukamva mwana akuti "ndili chaka chachitatu koma udokotala sindinayambe", musaganize kuti akudya ndalama. Njira yake ndi yomweyo.

Mayesowa ali ndi zigawo zinayi, mafunso 230 onse pamodzi, ndipo munthu amakhala m'chipinda cholembera maola pafupifupi asanu ndi awiri ndi theka, kuphatikizapo nthawi yopuma. Chigawo chilichonse chimapereka malikisi pakati pa 118 ndi 132, ndiye onse akaphatikizidwa amayambira 472 kulekezera 528. Chaka cha 2015 mayesowa anasinthidwa kwambiri, ndipo ndi pamene biochemistry inalowamo mwamphamvu, limodzi ndi psychology ndi sociology. Ndikutchula chakachi dala. Ngati mnzako woti buku la review n'lokwanira uja anamva zimenezo kwa mkulu wake amene analemba mu 2013, akukuuza za mayeso amene kulibenso.

Tiye tiwerengere pang'ono. Chigawo cha chemistry ndi physics chili ndi mafunso 59, ndipo AAMC imanena kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi ndi biochemistry. Chigawo cha biology nacho chili ndi mafunso 59, ndipo biochemistry imatenganso gawo limodzi mwa anayi. Ukaphatikiza, ndi mafunso pafupifupi 30. Physics imene ikukusowetsa tuloyo ili ndi mafunso pafupifupi 15 okha. Organic chemistry, imene anzako analira nayo chaka chonse chatha, siifika n'komwe pamenepo. Ndipo 30 ameneyo ndi wa papepala. Ukadzayamba kuyeserera udzaona kuti mafunso ambiri otchedwa biology amalankhula chilankhulo cha biochemistry. Nkhani ya impso kapena ya mahomoni imangoti pakatikati yatchula enzyme, osakufotokozera, ngati mmene munthu amatchulira dzina la amalume ako poganiza kuti ukuwadziwa.

Ndikupatse chitsanzo cha pafupi. Ndime ya mayeso ikhoza kunena za puloteni imene yasintha, n'kulemba kuti E6V, basi. Amene anakhala m'kalasi amaona pomwepo: E ndi glutamate, V ndi valine, onse awiri ndi ma amino acid, tizidutswa timene timalumikizana kupanga puloteni, ndipo 6 ndi malo ake pa mndandanda. Glutamate ili ndi chaji ya negative, imakonda madzi. Valine imathawa madzi. Ukaika valine kunja kwa hemoglobin, puloteni yonyamula okosijeni m'magazi, pamalo pamene panali glutamate, ndiye kuti waika kachigamba komata. Okosijeni ikachepa, mahemoglobin amayamba kumatirirana n'kupanga timitengo tatitali, ndipo selo yofiira ija imapindika ngati zenga. Amenewo ndi matenda a sickle cell, omwe ambirife tinawaonapo pa mwana wa m'mudzi kapena wa kutchalitchi. Tizilembo titatu, E6V, koma kumbuyo kwake kuli ma amino acid 20 amene uyenera kuwadziwa ngati mayina a abale ako: dzina lonse, dzina la zilembo zitatu, la chilembo chimodzi, maonekedwe, ndi khalidwe lake m'madzi. Ena amapusitsa. Lysine ndi K, tryptophan ndi W, aspartate ndi D. Pa funso lililonse uli ndi mphindi imodzi ndi theka kapena kupitirira pang'ono, kuphatikizapo kuwerenga ndimeyo. Nthawi yoti uzikanda m'mutu kuti kodi K ndi ndani palibe.

Tsopano za mnzako woti zinthu zizikhala zotentha m'mutu. Maganizowo ndikuwamvetsa, ndipo si opusa. Vuto lili pa kalendala. Makalasi ambiri a biochemistry amayamba ndi madzi ndi pH, kenako ma amino acid, mapuloteni, ma enzyme, ndipo metabolism, mmene thupi limasandutsira chakudya kukhala mphamvu, imabwera kumapeto. Ukayamba mu Januwale, glycolysis udzakumana nayo mwina mu Malichi, Krebs cycle ndi electron transport chain mu Epulo, za mafuta kumapeto kwenikweni. Mayeso otsekera semesita amagwa kumayambiriro kwa Meyi. Ndiye taganiza: mwezi umene umayenera kukhala ukubwereza ndi kuyeserera mayeso athunthu Loweruka lililonse, ndi mwezi womwewo umene ukuona beta-oxidation koyamba m'moyo wako, kwinaku malipoti a labu akukudikira. Zotentha zimenezo ndi nsima yoti sinapse. Kutentha ikutentha, koma ukaidya m'mimba mudziwa.

Palinso china chimene anthu sachiganizira. Mayeso oyeserera ochokera ku AAMC kwenikweni ndi owerengeka, ndipo ndi okhawo amene amakuuza zoona za pamene waima. Ukalemba amodzi mu Febuluwale usanaphunzire metabolism, malikisi amene upeze sakuuza kanthu. Sudziwa ngati walakwa chifukwa chosamvetsa funso kapena chifukwa choti mutuwo simunaufike m'kalasi. Wawononga mayeso abwino, watayanso Loweruka lathunthu, ndipo mtima wagwa ulesi popanda chifukwa.

Ndikuuze za ine, chifukwa cholakwa chimenechi ndinachichita ndekha. Ndili ku yunivesite, glycolysis, njira imene selo imaphwanyira shuga wa glucose kuti ipeze ATP, ndalama ya mphamvu ya selo, ndinailoweza usiku umodzi. Masitepe ake khumi ndinawaika pa nyimbo ya kwaya, m'mawa ndinakalemba, ndinakhoza, ndipo ndinkadzitama. Patapita zaka ndinayamba kuphunzitsa pa sukulu ina kuno ku Harare. Tsiku lina masana, kalasi ili ziii ndi kutentha kwa Okutobala, mnyamata wina wa kumbuyo anakweza dzanja. "Madamu, ngati cholinga ndi kupanga ATP, bwanji selo ikuyamba ndi kuwononga ATP?" Ndinaima ndi choko m'manja. Nyimbo ija inalipobe m'mutu, hexokinase, phosphofructokinase, onse pamzere, koma yankho munalibe. Ndinamuuza kuti ndi funso labwino, tidzakambirana mawa, monga amachitira mphunzitsi aliyense amene wagwidwa. Usiku umenewo ndi pamene ndinaphunzira glycolysis koyamba.

Yankho lake ndinakalipeza ku Mbare Musika, kunena zoona. Mayi wogulitsa tomato amafika kukadali mdima, n'kutulutsa ndalama zake kupikula bokosi asanagulitse ngakhale mulu umodzi. Selo nayo imapikula. Imalipira ATP ziwiri kumayambiriro. Yoyambayo imamata phosphate pa glucose kuti asatulukenso mu selo, yachiwiriyo imamukonza kuti adulidwe pakati. Kumapeto imalandira ATP zinayi, ndiye phindu ndi ziwiri, kuphatikizapo NADH ziwiri ndi pyruvate ziwiri. Ukamvetsa choncho, ukadzafunsidwa chimene chimachitika ATP ikachuluka mu selo, suvutika: mayi amene katundu wamuunjikira sapikulanso, ndiye phosphofructokinase imachepetsa liwiro. MCAT imafunsa ngati mnyamata uja. Siikuuza kuti tchula masitepe khumi. Imakupatsa kafukufuku amene sunamuonepo, galafu, ndi tebulo la manambala, n'kukufunsa kuti chichitike n'chiyani akatseka apa. Kumvetsa kwa mtundu umenewu kumafuna masabata, kumafuna kulakwa homuweki, kukangana ndi anzako, kupita ku ofesi ya aphunzitsi n'kukafunsa funso lochititsa manyazi. Buku la review linalembedwera munthu amene zonsezo anadutsamo kale ndipo akungofuna kukumbutsidwa. Alipo amene anaphunzira okha n'kukhoza, sindikukana. Koma iwe kalasi ilipo, yalipiridwa kale, ndipo sukulu zambiri za udokotala zimafuna kapena kulimbikitsa kuti biochemistry ioneke pa transcript, chikalata cha magiredi ako. Ukaizemba lero udzaitengabe, koma utalemba kale mayeso amene ikanakuthandiza.

Mutu wa ma enzyme, mapuloteni amene amafulumizitsa ntchito za m'thupi, ndiye umene ndikufuna uupatse nthawi kwambiri. Leonor Michaelis ndi Maud Menten anatulutsa ikweshoni yawo mu 1913, ndipo mpaka lero ikuliza ana asukulu. Km, Vmax, galafu ya Lineweaver-Burk ndi mizere yake yodutsana. Poyamba zimaoneka ngati masamu ouma. Koma taganiza za munthu amene wamwa methanol. Methanol payokha si imene imachititsa khungu. Enzyme ya m'chiwindi yotchedwa alcohol dehydrogenase imaisandutsa formaldehyde, kenako thupi limapanga formic acid, ndipo imeneyo ndi imene imawononga maso. Njira imodzi yothandizira wodwalayo kuchipatala ndi kumupatsa ethanol, kuti ilimbirane malo pa enzyme ija, methanol isowe pokhala mpaka ituluke m'thupi. Zili ngati mpando wa kutsogolo mu kombi ya madzulo: ndi umodzi, ndipo mbali imene yachuluka pakhomo ndi imene imaupeza. Ndicho chifukwa chake pa competitive inhibition, kulimbirana malo kotereku, Km (kuchuluka kwa substrate, chinthu chimene enzyme ikugwirirapo ntchito, kofunika kuti ifike theka la liwiro lake lalikulu) imakwera koma Vmax (liwiro lalikululo) siisintha. Ukachulukitsa substrate mokwanira, mpando uja amaulandanso. Ukazimva choncho mu Okutobala, pofika Epulo zimakhala zako. Ukaziona koyamba kutatsala masabata asanu ndi limodzi, umangoloweza tebulo la "ichi chikwera, icho chitsika", ndipo tsiku la mayeso mivi ija imasokonekera.

Mantha ako a magiredi ndi oona, ndipo sindikuwapeputsa. Giredi yoipa ya biochemistry imakhala pa transcript mpaka kalekale. Koma yankho si kuikankhira ku semesita ya MCAT, kumene idzapeze mdani wamkulu kuposa physics. Yankho ndi kupepukitsa semesita ya Ogasitiyi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pita kwa amene amakuyang'anira mu labu ukawapemphe kuti maola achepe mpaka Disembala. Aphunzitsi ambiri a sayansi amaidziwa nkhani ya MCAT, sadabwa. Ngati pali kalasi ina yolemera imene ingadikire chaka chachinayi, idikire. Sunandiuze ngati unalemba physics ku A-Level. Ngati unalemba, zambiri za semesita yoyambayo udzazipeza zodziwika, ndipo ndi mwayi umene anzako ambiri a kumeneko alibe. Physics yachiwiri mwina idzagwa mu Januwale, ndipo ndikuvomera kuti vuto lomwe lija libweranso, koma ndi laling'ono. Kuthamangitsana ndi mafunso ochepa a magetsi ndi magalasi n'kosiyana ndi kuthamangitsana ndi mafunso 30.

Chinthu chimodzi ndangoganizira: kuti organic chemistry unamaliza. Ngati sunamalize, nkhani yonse isintha, chifukwa biochemistry imamangidwa pamwamba pake. Munthu wosadziwa carbonyl sangamvetse peptide bond. Undilembere ngati zili choncho.

Nanga kuiwala? Kuchokera Disembala kufika Epulo ndi miyezi inayi, ndipo ukangoisiya osaikhudza, zina zidzauluka ndithu. Koma kukumbukira chimene unachimvetsa n'kosavuta. Ukadzabwera patchuthi cha Khirisimasi, ndikudziwa mmene kumakhalira: mvula, maukwati, azakhali ofuna kuona "wa ku America", magetsi ozima kuyambira m'mawa. Usadzavutike ndi laputopu. Dula makatoni a sopo kapena a tiyi, mbali imodzi jambula amino acid, mbali ina lemba dzina ndi khalidwe lake. Makadi 20, amakwana m'thumba la siketi. Mphindi 30 patsiku, pakhonde, kaya mu kombi popita m'tauni. Kamodzi pa sabata tenga pepala loyera ujambule glycolysis ndi Krebs cycle osayang'ana buku, kenako ufotokozere mng'ono wako m'Chichewa kapena m'Chishona. Pamene lilime lakakamira, pamenepo ndi pamene sunamvetse. Ine ana anga a A-Level ndimawayamba ndi nsima: tafuna kwa nthawi yaitali osameza, uyamba kumva kutsekemera, chifukwa amylase ya m'malovu yayamba kudula sitachi. Kuchokera pamenepo timamutsatira glucose mpaka mu mitochondria. Hans Krebs anafotokoza mkombero wake mu 1937 n'kudzalandira Nobel mu 1953, koma mbale ya nsima imaufotokoza bwino kuposa chithunzi cha m'buku.

Tsiku lolembera nalo lili ndi masamu ake. MCAT imalembedwa masiku osankhidwa kuyambira Januwale mpaka Seputembala. Zotsatira zimatuluka patatha pafupifupi mwezi. Fomu ya AMCAS, yopemphera malo, imene sukulu zambiri za udokotala zimagwiritsa ntchito, imatsegulidwa kumayambiriro kwa Meyi, anthu amayamba kutumiza chakumapeto kwa Meyi, ndipo sukulu zimayamba kulandira mafomu chakumapeto kwa Juni. Sukulu zambiri siziyembekezera kuti onse atumize. Zimawerenga ndi kuitana anthu ku intavyu mafomu akamafika, ndiye wochedwa amapeza mipando yachepa. Ukalemba mu Epulo, malikisi umawadziwa mu Meyi, usanasankhe sukulu zoti upempheko malo. Imeneyo ndi mphamvu yaikulu. Umasankha ukudziwa pamene waima, osati mongoponya. Malo olembera amadzaza msanga, ndiye kalembera akangotsegulidwa usazengereze, ndipo ukonzeretu ndalama, chifukwa ndi madola opitirira 300.

Bwanji osalemba mu Januwale momwemo, biochemistry itangotha? Ena amatero ndipo zimawayendera. Koma ndiye kuti kukonzekera konse kwagwera mu semesita ya Ogasiti imene ukuidandaula kale ija, ndipo tchuthi cha Disembala wachipereka chonse. Kwa iwe sindikuona phindu lake.

Tsopano tinene kuti zakanika. Kalasi ya Ogasiti yadzaza, kapena ikugundana ndi ina imene sungaisunthe. Pamenepo itenge Januwale, koma MCAT ya mu Meyi uiiwale. Maliza semesita, puma masiku atatu, kenako masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu a kukonzekera kokhakokha, ulembe chakumapeto kwa Juni kapena mu Julayi. Fomu ya AMCAS ukhoza kuitumiza malikisi asanatuluke. Wachedwako pang'ono, koma kuchedwa ndi malikisi abwino n'kopepuka kusiyana ndi kufulumira ndi oipa, chifukwa sukulu zimaona malikisi a ulendo uliwonse umene unalemba. Sungabise. Ndipo maulendo ake ndi owerengeka: katatu pa chaka chimodzi, kanayi pa zaka ziwiri zotsatizana, kasanu ndi kawiri moyo wonse. Njira ina ndi kudikira chaka chathunthu, kupempha malo utamaliza digiri. Ana ambiri a ku America amachita zimenezo popanda manyazi. Iwe uli pa viza ya ophunzira ya F-1, ndiye usanasankhe njira imeneyo ukakhale pansi ndi a ofesi yoona za ophunzira akunja, akufotokozere za OPT, chilolezo chogwira ntchito ukamaliza sukulu.

Pali mawu ena amene sunandifunse, koma anti sangakhale chete. Sukulu za udokotala za ku America zimene zimalandira ophunzira akunja ndi zochepa, ndipo zina zimafuna umboni woti ndalama za fizi zilipo, nthawi zina za zaka zonse zinayi. Sindikunena izi kuti ugwe mphwayi. Ndikunena kuti udziwe chifukwa chake iwe sungatsatire malangizo a mnzako amene ali ndi pasipoti ya kumeneko. Iyeyo akalakwitsa ulendo woyamba, ali ndi makomo ambiri oti agogode. Ako ndi ochepa, ndiye ulendo woyambawo uyenera kukhala weniweni. Semesita ikubwerayi upeze nthawi yokaonana ndi alangizi a pre-med, ukawafunse mndandanda wa sukulu zimene zimatenga anthu ngati iwe, ndi zimene iliyonse imafuna.

Udakali kuno, chita izi. Lembera aphunzitsi a kalasi ya Ogasitiyo uwapemphe silabasi. Uone ngati ikufika pa metabolism yonse mu semesita imodzi, chifukwa m'makoleji ena biochemistry amaigawa pawiri, ndipo metabolism imagwera mu gawo lachiwiri. Ngati kwanu zili choncho, funsa ngati pali ina ya semesita imodzi imene imakhudza zonse mwachidule, chifukwa imeneyo ndi imene ikugwirizana ndi MCAT. Silabasiyo ikabwera unditumizire tiione limodzi. Makadi aja yamba kudula sabata ino, kuti tsiku loyamba la kalasi ukalowe ma amino acid uli nawo kale m'thumba.

Amayi akowo ukawapatse moni, ndipo ukawauze kuti mwezi wofunika mapemphero ambiri ndi Novembala, aphunzitsi akadzafika pa electron transport chain.